Ana Aamuna a Rozina

Amayi, kumene muliko mukukhala bwanji?

Ndine Felista. Ndayamba n'kutchula dzina chifukwa masiku anu omaliza aja munkandiitana kuti Rozina, ine n'kumangovomera. Kuno ku Makhanga tilipo. Mvula yachitatu yatha chikuikireni m'manda. Chaka chino Ruo anasefukira kawiri, madzi anafika mpaka pamtengo wa masawu kuseri kwa nyumba yanu, koma kumanda sanafikeko. Chimanga cha kudimba chinapita chonse. Mapira a kumtunda ndiwo atisunga, ndipo madzi ataphwa tinabzala mbatata, panopa tikukumba. M'nyumba yanu mukukhala banja lina la othawa nkhondo ochokera kutsidya. Khoma la kum'mawa linali litagwa, analimanganso. Mayi wa pakhomopo amasesa ngati inu, kuyambira kunjira kubwerera kukhomo, moti tsiku lina ndinaima kumuyang'ana mpaka anandifunsa ngati ndataya kanthu.

Kalata iyi siipita ku positi, palibe amene aitsegule panjira. Choncho ndilembamo zimene sindinanene ngakhale kwa bambo mfumu polapa.

Rozina ali bwino, ndikudziwa mukanafunsa za iye. Mwamuna wake Fulanki akuyendetsabe thirakitala kuminda ya nzimbe ku Nchalo, ndipo kampani inawapatsa nyumba ya malata, mpopi uli pakhomo pomwepo. Wanenepa mpaka mphete ya ukwati anachita kukaidulitsa. Munamusiya ndi anyamata awiri. Lero ali nawo anayi. Anayi, amayi, onse amoyo, onse aphokoso, akudya chilichonse chimene chagwera m'mbale. Ine ndili ndi Malita yekha uja munamusiya, tsopano wakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'chiuno mwake mkanda umene munamumanga ukukwanabe.

Mukukumbukira kuti pamaliro anu tonse awiri tinali oyembekezera? Mwina simunaone, munali mutafooka kale. Amayi a ku tchalitchi anatikhazika pamphasa imodzi kuseri, akuti oyembekezera asayandikire kumanda. Wina anaseka n'kunena kuti malemu asiya m'malo mwawo anthu awiri. Miyezi ingapo pambuyo pake ndikupita kusikelo, ayufi pasiteshoni anandiimika kufuna khadi la chipani. Ndinawaonetsa langa. Wina analoza mimba yanga n'kuti, "Nanga uyo mwabisa m'katiyo lake lili kuti?" Ndinagula lachiwiri. Mwana ameneyo anakhala ndi moyo masiku anayi.

Zinayenda monga zinayendera kwa awiri aja munawanyamula ndi manja anu. Anabadwa wamkulu bwino, walira mokweza, azamba n'kuyamikira. Tsiku loyamba ndi lachiwiri anayamwa mpaka mabere kundipweteka. Lachitatu m'mawa anakana bere. Anayamba kupuma mothamanga ngati wathamangitsidwa, kenako kugona kosadzutsika, thupi lonse lobwerera m'mbuyo. Lachinayi masana anapita, mchombo usanagwe. Anakamuika amayi okhaokha monga mwa mwambo wa khanda losatuluka m'chikuta, opanda nyimbo. Ine sindinathe ngakhale kulira bwino, chifukwa mutu unandisokonekera monga umachitira nthawi zonse ndikachira. Akuti ndinkafunsa anthu ngati aona mbuzi zanga, chikhalirecho ndilibe mbuzi.

Apongozi, amayi ake a mwamuna wanga Zuze, ananena kuti ndi tsempho, kuti mmodzi wa ife awiri anayenda njira ina. Anatitengera kwa sing'anga ku Mlolo, tinamwa zomwe tinamwa. Zuze sanandinene kanthu, koma anasiya kundiyang'ana m'maso. Patangotha mwezi umodzi uthenga unabwera ndi wapasitima kuti Rozina wachira, mwana wamwamuna. Ndinayankha kuti zikomo, Mulungu ndi wabwino. Kenako ndinapita kudimba ndi khasu n'kulima mpaka manja anatuluka matuza, pamalo pomwe panali polima kale.

Munkakonda kunena kuti, "Ana aamuna pakhomo pano amangobwera kudzaona." Munkanena mukusenda nyika zokumba kudambo, osakweza mutu. Inu munataya atatu. Ine ndimakumbukira mmodzi yekha, wotsatira Rozina uja, chifukwa anatitumiza kwa azakhali ndipo pobwera tinapeza mukufinya bere kuseri kwa nyumba. Ndinkaganiza kuti mawu amenewo ndi a nyumba yathu yonse. Sindinkadziwa kuti Rozina sakumukhudza.

Palinso mawu ena anu amene ndinkawanyadira. Bambo akabwera kudambo ndi milamba, iwo ndi Rozina ankakhala pamodzi kunyambita zala, ife awiri n'kukhala chapatali ndi therere lathu ndi chisoso. Fungo lokha la nsomba linkatizunguza mutu. Inu munkandigwira phewa n'kunena kuti, "Rozina ndi wa bambo ake, iwe ndiwe wanga. Ife mimba zathu n'zaulemu." Ndinkamuyang'ana Rozina ndi mafuta ake kukamwa n'kumamumvera chisoni. Malita atakula n'kuyamba kulavula nsomba ndi mazira, munaseka n'kuti wachitatu wafika.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinachitika pa Khirisimasi yathayi. Rozina anatiitana ku Nchalo. Zuze anatsala chifukwa cha thonje, ndinapita ine ndi Malita, sitima mpaka ku Bangula, kenako basi. Fulanki anali atapha mbuzi. Rozina anali ndi mimba ina, yachinayi, akuyenda nayo pabwalo ngati wanyamula mphoto. Atamuona Malita anamugwira mkono n'kuuzunguliza ndi zala ziwiri.

"Achemwali, mwanayu mukumupatsa chiyani? Taonani mkono. Wanga wa zaka zinayi akumuposa."

"Sakonda nyama," ndinatero.

"Sakonda chifukwa simumuphunzitsa. Musiyeni kwa ine lero."

Ndikanakana, amayi. Koma akazi a anzake a Fulanki anali pomwepo, atavala nsapato, akundiyang'ana ngati mayi wa kumudzi amene akumana mwana chakudya. Ndinachita manyazi. Rozina anamukhazika Malita pakati pa anyamata ake, n'kumuikira chiwindi ndi nthuli zikuluzikulu, akuti akamaliza amupatsa diresi ya maluwa imene anamugulira. Mwana anadya misozi ili m'maso. Madzulo anadyanso, mawa lake m'mawa anamupatsa zotsala ndi dzira pamwamba. Ine sindinamuletse, ndipo mumtima ndinkati mwina mng'ono wangayu ndiye akudziwa kulera, popeza ake sakufa.

Masana a tsiku lachiwirilo Malita anayamba kusanza. Kenako anayamba kuyenda ngati woledzera, kugunda zitseko. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti ndine yani. Anamuluma mmodzi wa anyamata a Rozina pamkono, Malita amene sanamenyepo ngakhale nkhuku. Dzuwa lisanapendeke anali atagona, ndipo ndinamva kupuma kuja, kothamanga kuja, kumene ndinakumva katatu. Ndinamuuza Rozina kuti mwanayu akufa. Iye anati ndi malungo chabe, koma Fulanki atandiyang'ana anathamanga kukapempha galimoto.

Kuchipatala cha pakampani anamubaya jakisoni wa malungo n'kutitumiza ku Chikwawa, a ku Chikwawa n'kutikweza ambulansi kupita ku Blantyre. Pokwera mapiri aja makutu anga anatsekeka, ndinkangoika dzanja pachifuwa pake kumva ngati chikuyenda. Kumeneko anamuyeza magazi, malungo sanawapeze. Anamutenga madzi a kumsana, sanapezemo kanthu. Anangomuika diripi ya madzi a shuga. Anagona masiku awiri osadya kalikonse. Lachitatu m'mawa anatsegula maso n'kufunsa kuti diresi yake ili kuti.

Panali dokotala wina wa ana, mayi wachizungu wa imvi, amene sanakhutire kuti mwana wadzuka basi. Anabwera ndi namwino womasulira, anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi ine. Anafunsa kuti mwanayu anadya chiyani asanadwale. Nditamuuza za mbuzi, anafunsa ngati amadya nyama masiku onse. Ndinati ayi, ngakhale ine sindidya, ngakhale amayi anga sankadya. Apo analeka kulemba n'kundiyang'ana.

"Muli ndi ana angati?"

"Mmodzi."

"Munabereka angati?"

Palibe munthu wa chipatala amene anandifunsapo funso limenelo modekha chotero. Ndinamuuza zonse, tsiku ndi tsiku, kukana bere, kupuma, kugona. Ndinamuuza za atatu anu. Anatenga pepala n'kuyamba kutijambula, akazi timizere tozungulira, amuna timabokosi. Inu pamwamba, ine ndi Rozina m'munsi mwanu, ana athu m'munsi mwathu. Mabokosi a omwalira ankawadula ndi mzere. Atamaliza, mbali yanu ndi yanga inali yodulidwadulidwa. Mbali ya Rozina kunali mabokosi atatu oyera, ataima pamzere.

Namwino anandiuza kuti adokotala akuti vuto lili m'majini. Ndinadzidzimuka, ndinati ife ndife akhristu, za majini sitichita nawo. Namwino anaseka mpaka kugwira bedi, n'kundifotokozera kuti si mizimu ayi, ndi mawu achizungu otanthauza tinthu ting'onoting'ono ta chibadwa timene mwana amatenga kwa makolo, timene timauza thupi mmene lizigwirira ntchito. Ndikufotokozereni monga ndinamvera, chifukwa nkhaniyi ndi yanu.

Akuti nyama, nsomba, mazira, nyemba ndi mkaka ndi zakudya zomanga thupi. Thupi likamaziphwanya kuti litengemo zofunika, pamatsala poizoni wotchedwa amoniya. Kwa munthu aliyense zimatero. Chiwindi ndicho chimatenga poizoniyo n'kumusandutsa chinthu chosapweteka, chimene chimatuluka ndi mkodzo. Ntchitoyo imayenda masitepe angapo motsatana, ndipo sitepe iliyonse ili ndi jini yake. Mwa ife, jini ya sitepe imodzi ndi yowonongeka. Poizoni akachuluka amakwera kumutu. Ndiye kusanza kuja, kusokonekera kuja, kugona kuja.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji ine ndili moyo, anyamata anga n'kufa. Anati jini imeneyi mkazi amakhala nazo ziwiri, ina yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Ina ikawonongeka, inzake imagwirako ntchito, ngakhale mopereweza. N'chifukwa chake timadana ndi nyama, thupi limadziteteza lokha. Koma mwamuna amakhala nayo imodzi yokha, yochokera kwa mayi ake. Akalandira yowonongekayo alibe ina yomuthandiza. Ali m'mimba, chiwindi cha mayi chimamutsukira magazi. Akabadwa n'kuyamba kuyamwa, poizoni amayamba kudzikundikira.

Amayi, ndiye kuti mkaka wanga umene. Masiku awiri aja ndinkasangalala kuti akuyamwa mwamphamvu. Dokotala anaona nkhope yanga n'kunena msanga kuti palibe chimene ndikanachita, ngakhale akanabadwira m'chipatala chomwecho sakanatha kuwapulumutsa. Ananenanso kuti sangalumbire popanda kuyeza, ndipo makina ake kuno kulibe. Anatenga mkodzo wa Malita kuti autumize kunja. Yankho linafika mvula ikutha, ndipo linagwirizana ndi zimene ananena.

Kenako ndinaloza mbali ya Rozina papepalapo. Ndinafunsa kuti, "Nanga uyu?"

Anati mayi akakhala ndi ziwiri, yabwino ndi yowonongeka, mwana aliyense amatengako imodzi, popanda wosankha. Munthu amene amadya nyama mosavutika, n'kubereka anyamata atatu athanzi, n'kutheka kwambiri kuti anatenga yabwino.

"Koma n'zotheka kuti ali nayo?"

"N'zotheka, koma sindikuganiza choncho."

Namwino anandisisita pamsana, akuti musadandaule mayi, mng'ono wanu ali bwino. Ankaganiza kuti ndikumudera nkhawa. Ine ndinkafuna dokotalayo anene kuti nayenso ali nayo. Ndinafunsa kawiri kuti mwina asintha yankho.

Mimba imodzi, amayi. Bere limodzi, mphasa imodzi. Munali nazo ziwiri m'thupi mwanu, ndipo yabwino inapita kwa amene munkati ndi wa bambo ake. Ine wanu uja ndinalandira iyi. Ndikudziwa kuti simunasankhe, dokotala anabwereza zimenezo kangapo. Koma ndikakumbukira dzanja lanu paphewa panga ndi therere lija, ndimafuna mukanagwira phewa la Rozina.

Anatitulutsa ndi malangizo. Malita azidya phala, mbatata, chinangwa, masamba, zipatso, mafuta pang'ono. Nyemba ndi nsomba azidyako pang'ono pokha, chifukwa popanda zimenezo sangakule, koma asakakamizidwe akakana. Asagone ndi njala. Akatentha thupi kapena kusanza, ndimupatse madzi a shuga pafupipafupi n'kuthamanga naye kuchipatala. Anandilembera kalata yoti ndizionetsa kulikonse kumene ndapita naye, pamodzi ndi pepala la mabokosi lija.

Nditafika kunyumba ndinangouza Zuze kuti anali malungo a m'mutu. Ndinkadziwa chimene chingachitike ndikanena zoona. Nkhani ya tsempho inali yowawa, koma inkatigwera tonse awiri. Iyi inali yanga ndekha. Ndinabisa milungu itatu. Tsiku lina ndikuchokera kumunda masana ndinapeza apongozi amukhazika Malita pakhonde ndi mbale ya makakana owamba, ndodo ili pambali. Ankati mwana wodwaladwala amafunika nsomba, ndipo sachoka pamenepo mpaka mbale iyere. Ndinalanda mbaleyo m'manja mwa mwana. Sindinachitepo chotero kwa munthu wamkulu. Apongozi anaitana mwana wawo kuti adzaone mwano wa mkazi wake.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa mapepala aja, ndinawayala pansi. Ndinafotokoza zonse pamaso pa awiriwo. Zuze anayang'ana mabokosi odulidwa aja nthawi yaitali.

"Ndiye kuti palibe amene anayenda njira ina," anatero.

"Palibe."

"Ndipo si magazi anga."

"Si anu. Ndi anga."

"Tikabereka wina wamwamuna?"

"Akhoza kutenga yabwino, akhoza kutenga inayo. Palibe angadziwe mpaka tsiku lachitatu."

Anangoti, "Ndabva," m'Chisena chake, n'kupinda mapepalawo bwinobwino n'kundibwezera. Apongozi anatenga mbale yawo. Akuchoka ananena chapansipansi kuti akanadziwa akanakafunsira wamng'onoyo. Inenso ndinali nditaganiza kale zomwezo.

Mapira akucha, Rozina anatumiza uthenga kuti masiku ake ayandikira, ndipo popeza inu kulibe, ndipite ine. Ndinapita. Anachira mosavuta, wamwamuna. Tsiku lachiwiri anatuluka m'chipatala. Ine ndinkaphika, kuchapa, kusambitsa khandalo. Ndipo ndinkawerenga masiku. Sindinafune kuwerenga, koma mutu unkawerenga wokha.

Tsiku lachitatu m'mawa, ndikukolezera moto panja, Rozina anandiitana. "Achemwali, tabwerani. Akukana bere."

Amayi, apa ndi pamene ndimafuna kufika. Nditamva mawu amenewo mtima wanga unapepuka. Ngati munthu amene wasenza mtolo wa nkhuni ulendo wautali, wina n'kumulandira. Ndinaganiza kuti tsopano adziwa. Tsopano tikhala awiri. Sizinatenge nthawi, mwina kupuma kuwiri kapena katatu, koma zinachitika, ndipo ndinali nditaima pakhomo iye akundiyang'ana.

Kenako ndinaona kamwanako, kakamwa kali yasa, ndipo miyendo yanga inayamba yokha. Ndinamulanda, ndinamukulunga m'chitenje changa, ndinathamanga wopanda nsapato kudutsa m'mizere ya nyumba za kampani mpaka kuchipatala. Ndinadumpha mzere wa anthu. Ndinaponya kalata ya Malita patebulo n'kunena kuti werengani iyi msanga, banja lathu lili ndi matenda awa. Anawerenga, anamuika diripi, kenako anamuvula n'kupeza kuti pamchombo patupa, pakutuluka mafinya. Anamubaya majakisoni. Mawa lake madzulo anayamwa. Sanali matenda athu. Wothandiza dokotala anati tikanachedwa tsiku limodzi zikanavuta.

Patapita masiku anayi tinali pampopi awiri, tikuchapa matewera. Rozina anati Fulanki akufuna kundigulira nsalu yothokoza. Ndinati asagule. Ndinamuuza chifukwa chake, maso anga ali m'beseni. Anapitiriza kufinya thewera mpaka linauma m'manja.

"Ndinaona," anatero. "Nkhope yanu ndinaiona."

"Bwanji sunanene?"

"Ndikananena chiyani? Munathamanga naye."

Madzi ankasefukira m'ndowa. Kenako anati, "Inu mukudziwa kuti ine ndinasiyapo kudya nsomba? Ndinali msinkhu wa Malita. Ndinakhala pafupifupi mwezi ndikunama kuti ikundinunkha, kuti amayi andiitane kumbali kwanu kuja. Sanazindikire n'komwe. Bambo ndiwo anandifunsa ngati ndikudwala. Njala itandipweteka ndinabwerera." Anatseka mpopi. "Ndipo mbuzi ija sindigona nayo tulo. Ndinkafuna mwana wanu adye kwanga chimene amakana kwanu, kuti anthu aone."

Sitinakumbatirane. Iye anakayanika matewera, ine ndinakatsuka mbale. Tsiku lonyamuka anandiikira m'thumba mapaketi a shuga, akuti ndi a Malita akadwala. Kuyambira pamenepo amatumiza mwezi uliwonse ndi wapasitima. Ndimalandira, ndimathokoza, ndipo Malita watentha thupi kawiri chaka chino, shuga yemweyo n'kumuthandiza. Koma ndisakunamizeni kuti nsanje inatha. Ndikamatsegula paketi ndimaona nyumba ya malata ija ndi mitu inayi itazungulira mbale. Ndimapemphera kuti akule onse, ndipo pemphero limenelo ndimachita kulikankha kuti lituluke.

Zuze akukwatira. Anandiuza yekha, mwaulemu, titakhala pansi pa mtengo kumunda wa thonje. Anati sakundichotsa, ndipo sangapirire kuona bokosi lina likudulidwa. Mtsikanayo ndi wa ku Chapananga, mwana wa mnzawo wa malume ake, akuti kwawo anabadwa yekha wamkazi pakati pa amuna asanu. Ndinamuona kamodzi kumsika. Ndi wamfupi, wa mano oyera, ankadya kanyenya ataima. Nyumba yake akuimanga kuseri kwa khola, njerwa akuumba pafupi ndi chitsime chimene ndimatunga, choncho ndimaziona zikuchuluka m'mawa uliwonse. Bambo mfumu anamuletsa kulandira ukalistia, iye anati wamva. Ine sindinalire pamaso pake. Ndinangomupempha chinthu chimodzi, kuti mkazi ameneyo asadzamupatse Malita chakudya ine kulibe, ndipo anavomera.

Malita ali sitandade 2. Amawerenga bwino kuposa anyamata a m'kalasi mwake, koma akatopa amaiwala msanga. Anthu akamupatsa nyama amayankha yekha kuti, "Zikomo, chiwindi changa sichifuna." Dzulo anandifunsa kuti akadzakula adzakhala ndi ana angati. Ndinamuuza kuti apite akatunge madzi.

Ndatsala ndi chimodzi. Inunso ndimakuchitirani nsanje, amayi. Munapita osadziwa. Munkati ndi chifuniro cha Mulungu n'kugona tulo. Ine ndikudziwa dzina la poizoni, ndikudziwa sitepe imene inaduka, ndipo palibe chimene ndingakonze. Komanso kumeneko muli ndi anyamata asanu ndi mmodzi, atatu anu ndi atatu anga, pamene ine kuno ndilibe ngakhale mmodzi woti andithyolere masawu. Womaliza uja simukumudziwa. Ali ndi kachilema kakang'ono kuseri kwa khutu lamanzere, ndipo m'mimba ndinkamutcha Antonio, dzina limene sindinauze munthu. Mumuitane nalo.

Sindikukwiyirani. Ndinayesa, sizinatheke. Ndimakukondani monga kale, ndipo ndikulonjezani ichi. Malita akadzatha msinkhu, munthu asanabwere kudzamufunsira, ndidzamukhazika pansi n'kumuuza zonse, kuyambira pa inu. Akadzafuna kundida chifukwa cha chimene ndinamupatsa, adzandide ndili moyo, ndili pafupi, kuti ndidzathe kumuyankha.

Ndine mwana wanu woyamba,
Felista